Ka K500 ka yuniyoni kaja kamapita kuti? Ndinasungako ndalamazi zaka zinayi

Mwezi ukafika pa 27 kapena pa 28, kutengera kuti a akaunti adzuka bwanji, mapayslip amabwera mu envulopu imodzi ya khaki ndipo timagawana kuseri kwa khitchini, pansi pa mtengo wa mango pomwe pamawomba kamphepo kochokera kunyanja. Palibe amene amayamba kuwerenga pamwamba pomwe alemba malipiro onse, aliyense diso limathamangira pansi, pa zomwe zadulidwa. Msonkho wa PAYE kwa omwe malipiro awo amafika pamenepo, penshoni ija ya 5 peresenti, ngongole ya ku SACCO, adivansi yomwe unatenga pa 12 n'kuiwala, kenako kamzere kakang'ono komaliza kolembedwa kuti union. Kamzere kameneka ndi kochepa kuposa tonse koma ndi kamene ine ndinatukwanidwira kuyambira 2019 mpaka 2023.

Ndinali msungichuma wa nthambi ya yuniyoni pa loji ina kuno ku Senga Bay. Dzina la loji sinditchula, la yuniyoni yathunso ayi, ndikadali pantchito pompo ndipo ana akadali pasukulu. Udindowu sindinaufune, anandisankha chifukwa ndimakhala pa risepushoni, ndimadziwako kompyuta, komanso akuti sindimwa mowa ndiye ndalama sizingathere pa Kamuzu Road. Tinalipo ogwira ntchito pafupifupi 60 nthawi imeneyo, ophika, operekera zakudya, ochapa, alonda, a m'dimba, ndi anyamata a boti omwe amapita ndi alendo kuzilumba.

Mmodzi mwa a m'dimbawo ndi Che Saidi, bambo wachikulire woti anayamba ntchito pamalopo ine ndisanamalize pulayimale. Iwowa kuwerenga bwinobwino satha koma manambala sungawanamize. Mwezi ndi mwezi amabwera ndi kapepala kawo atakapinda kanayi, chala chili pa kamzere kaja, n'kunena kuti "Amwene, iyi ndalama mukundidula mwezi ndi mwezi, mukudyera kuti?" Osati akundidula ayi, mukundidula, ngati kuti ine ndi amene ndagwira lumo. Tsiku lina anawonjezera mawu omwe anandikhala pamtima mpaka lero, akuti izi sizikusiyana ndi khadi ya chipani ija, nthawi ya Kamuzu, pomwe ayufi amaima pachipata cha msika kapena pa depoti, wopanda khadi osalowa. Ndinaseka koma kunyumba ndinakagona nazo, chifukwa munthu ukamulipiritsa chinthu chomwe sakuchimvetsa, kwa iye ndi khadi ya chipani basi, kaya iwe ukuchitcha dzina lokoma bwanji.

Ndiye ndiyambe ndi zomwe ndinkawayankha. Ndalama ya umembala saika ndi bwana, saikanso ndi boma. Imaikidwa ndi yuniyoniyo, m'malamulo ake. Kuno kwathu lamulo lomwe limayendetsa zonsezi ndi Labour Relations Act ya 1996, ndipo yuniyoni iliyonse imayenera kulembetsa kwa Registrar ku unduna wa za ntchito itanyamula malamulo ake olembedwa, momwe muli nkhani ya ndalama, zisonkhedwa bwanji, zisungidwa bwanji, aziwerengetsera ndani. Kusintha mtengo wa umembala kwa ife kumachitika ku congress, msonkhano waukulu uja womwe nthambi iliyonse imatumiza nthumwi, ndipo suchitika chaka ndi chaka, umadikira zaka zingapo. Apa ndi pomwe pamayambira vuto loyamba. Mtengo ukakhazikitsidwa lero, umakhala womwewo mpaka congress ina, pomwe kwacha yathu sidikira congress ya munthu.

Pamene ndimalowa, aliyense amapereka K500 pamwezi, wochapa K500, shefu wamkulu K500, supavaiza K500. Zimaoneka zachilungamo ukamazimva, aliyense mofanana, koma tangoganizani, K500 kwa mayi wochapa yemwe ali pa malipiro otsikitsitsa ndi ndiwo za tsiku, usipa wa mbale ndi tomato wake, pomwe kwa supavaiza ndi chenji yoiwalika m'thumba la thalauzi. Kenako mu May 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, ndiye K500 yomwe inkakwanira kabaza wopita ndi kubwera inasanduka ndalama yoti ngakhale mwana ukamutuma nayo kugolosale amakuyang'ana kawiri. Thiransipoti yopita ku Lilongwe inakwera, fotokope inakwera, lendi ya ofesi ya kulikulu inakwera, chopereka chili pompo.

Njira inayo ndi ya peresenti, kuti aliyense apereke gawo la malipiro ake, kawirikawiri 1 peresenti. Ine ndinayamba kuimva bwino njirayi kwa mlendo wina wa ku Germany yemwe anagona kwathu sabata yathunthu, munthu wogwira ntchito pa fakitale ya magalimoto. Anandipeza ndikulemba m'buku langa la hardcover usiku pa risepushoni n'kufunsa kuti ndi chiyani, nditamufotokozera anasangalala ngati wapeza m'bale wake, akuti iyenso ndi membala wa yuniyoni ya IG Metall ndipo kwawoko amapereka 1 peresenti ya malipiro ake asanadulidwe msonkho. Chomwe chinandidabwitsa si peresentiyo, koma atanena kuti iwo akachita sitalaka yuniyoni imawalipira kandalama kuchokera m'thumba lomwe amasunga dala chifukwa cha zimenezo. Ndinayang'ana buku langa, m'munsi mwa tsamba munali ndalama yosakwana kugula matumba awiri a chimanga. Ndinangoti zikomo bwana, mugone bwino.

Yuniyoni yathu itakumana kumapeto kwa 2022 nkhani ya peresenti inabwera, ndipo ndinapita ngati nthumwi. Mkangano wake unali wa tsiku lathunthu. Chosangalatsa n'choti olandira zochepa sanavute konse, chifukwa malipiro otsikitsitsa nthawi imeneyo anali K50,000 ndipo 1 peresenti yake ndi K500 yomweyo, palibe chasintha. Ovuta anali olandira zambiri, a K200,000, a K300,000, omwe amaona kuti kuchoka pa K500 kufika pa K2,000 kapena K3,000 ndi kuwabera masana. Bambo wina anaimirira n'kunena kuti kodi ine ndikadwala mlandu loya wake akhala wonenepa kuposa wa mnzangayu? Holo yonse inaseka koma funso lake silinali lopusa. Yankho lomwe linapambana linali la mayi wina wochokera ku Mangochi, anati inu a malipiro ambiri mukachotsedwa ntchito ndalama zomwe yuniyoni ikukumenyerani ndi zambirinso, komanso malipiro akakwera ndi 10 peresenti amene amatola zochuluka ndi inu nomwe. Tinavota, peresenti inadutsa. Ubwino wake ndinauona mu 2024 boma litakweza malipiro otsikitsitsa kufika pa K90,000, chopereka chinakwera chokha popanda wina kuitanitsa msonkhano. Koma ndinali nditatula kale udindo, anasangalala ndi amene anabwera pambuyo panga.

Tsopano nkhani yomwe ndikufuna kukhalapo nthawi ndi ya katoleredwe, chifukwa m'mene ndaonera ine, mtengo si umene umapha yuniyoni, chimene chimaipha kapena kuipatsa moyo ndi momwe ndalamayo imachokera m'thumba la membala.

Chaka changa choyamba tinkatolera pamanja. Malipiro akatuluka ine ndi shop steward wathu, woimira antchito anzake pamalopo, timayenda, kukhitchini, kochapira, kugeti, kugombe komwe kuli maboti, buku m'khwapa, risiti m'manja. Inali ntchito yowawa zedi, dzuwa la Salima la mu October likuwotcha, wina akukuthawa, wina akuti mkazi wadwala ndipereka mwezi wamawa, wina akukupatsa K300 kuti zotsalazo ukongoze. Mwezi wabwino timatolera kwa anthu mwina 35 pa 50 olembetsa. Ndinkadandaula usiku uliwonse. Koma taonani, munthu aliyense asanatulutse K500 yake amayamba wakuuza vuto lake. Uyu akuti ovataimu ya pa Khirisimasi sanandipatse. Uyu akuti magambutsi anang'ambika kalekale ndipo mankhwala ochapira akundiwotcha mapazi. Uyu akuti supavaiza wina akumavutitsa atsikana a shifiti ya usiku. Pomaliza kuzungulira ndimakhala ndikudziwa chilichonse chomwe chikuchitika pa lojipo kuposa manijala, ndipo sindikanatha kubwerera kwa munthu yemweyo mwezi wotsatira ndilibe yankho, akanandithamangitsa.

Kenako tinagwirizana ndi abwana kuti azidula pa payslip, zomwe amazitcha check-off. Membala amasaina fomu yovomereza, a akaunti amadula, ndalama zonse amazitumiza ku akaunti ya yuniyoni kulikulu. Tsiku lomwe tinasainirana ndinavina, kunena zoona. Palibenso kuthamangitsana, palibenso kusunga ndalama za anthu pansi pa matiresi kunyumba kwanga, chopereka chinakwera kufika pa aliyense wolembetsa. Komanso mndandanda wa odulidwawo ndi umboni wamphamvu, chifukwa lamulo limati yuniyoni ikhale ndi anthu osachepera 20 peresenti ya ogwira ntchito pamalopo kuti bwana akakamizike kukhala nayo pansi kukambirana za malipiro, ndiye bwana akati anthu anu ndi ochepa, umangomuonetsa pepala lochokera mu ofesi yake yomwe.

Koma panatha miyezi isanu ndi umodzi ndisanazindikire kuti ndasiya kuyenda. Kochapira sindimapitako, kugombe sindimapitako, ndikapitirenji poti ndalama ikubwera yokha? Akulikulu nawonso, omwe kale amabwera pafupipafupi kudzatenga ndalama ndi kudzatilimbikitsa, anayamba kuoneka mwa apo ndi apo. Ndalama yodulidwa pa payslip ilibe phokoso, siikuuza kuti mwini wake wakwiya, imangofika. Munthu akhoza kukhala membala zaka zitatu osapondako ku miting'i, osadziwa ngakhale dzina la tcheyamani, ndalama ikungopita ngati madzi a mu paipi yobooka. Che Saidi okha ndi amene anapitiriza kundisaka ndi kapepala kawo, ndipo panopa ndimaona kuti iwo ndi amene anali membala weniweni pa tonsefe.

Check-off ilinso ndi mbali ina yoipa yomwe sitinaiganizire, mpopi wake uli m'manja mwa bwana. Panali nthawi yomwe a akaunti amadula mwezi ndi mwezi koma osatumiza, miyezi inayi yathunthu, akuti bizinesi sikuyenda tikonza. Mamembala akuona kuti adulidwa, akulikulu akuti nthambi yanu siinapereke ndiye gawo lanu sititumiza, ine ndili pakati ngati nsomba ya pa chiwaya. Ndipo bwana amadziwa dzina la membala aliyense. Malamulo amaletsa kuchotsa munthu kapena kumuzunza chifukwa cholowa yuniyoni, zoona, koma wa kontirakiti ya miyezi itatu akangouzidwa kuti sitikuwonjezerani, adzatsimikiza bwanji kuti chifukwa chake ndi fomu ija? Anyamata angapo aganyu anakana kusaina pa chifukwa chimenechi ndipo sindinawaweruze.

Nanga ndalamayo ikafika kulikulu imatani? Ndinena zomwe ndinaona m'malipoti omwe amatiwerengera. Gawo lalikulu limathera pa kuyendetsa ofesi, lendi, magetsi, malipiro a mlembi wamkulu ndi anthu awiri atatu olembedwa ntchito, mafuta kapena thiransipoti yoyendera nthambi. Gawo lina limapita ku mabungwe omwe yuniyoni inalowako, monga MCTU, bungwe lalikulu lomwe limasonkhanitsa mayuniyoni m'dziko muno ndipo ndi lomwe limakhala pa tebulo limodzi ndi boma komanso olemba ntchito pokambirana zinthu ngati malipiro otsikitsitsa. Ndiye K90,000 ija sinagwe kumwamba, muli ka K500 ka wina mmenemo, ngakhale ndivomereze kuti kumuuza zimenezi munthu yemwe thumba la ufa lamuthera pa 15 sikumutonthoza. Kwina kumapita ku milandu, kwina ku maphunziro a ma shop steward, kwina kusungira congress yomwe imadya ndalama zoopsa chifukwa nthumwi zonse zimafunika thiransipoti, malo ogona ndi chakudya. Kenako kagawo kena kamabwerera ku nthambi. Kamabwerera, koma mochedwa, ndipo umayenera kuimba foni mpaka mayunitsi ako omwe kutha.

Kagawo kobwererako ndi komwe ndinkasunga ine, ndipo nditha kukuuzani tambala iliyonse chifukwa buku ndinalijambula pa foni ndisanalipereke. Kabaza ndi minibasi zopita ku ofesi ya leba ku boma. Fotokope ya makalata. Mayunitsi a tcheyamani ndi shop steward. Fanta ndi mabanzi pa miting'i, chifukwa tisanamizane, miting'i yopanda chakumwa kuno imabwera anthu asanu ndi awiri. Ndi chipepeso. Nkhani ya chipepeso inatigawa pakati kangapo. Akulikulu amati yuniyoni si kalabu ya maliro, ndalama ndi yomenyera ufulu wa pantchito, mukufuna za maliro yambitsani welfare yanu padera. Pa pepala akunena zoona. Koma mlonda wathu wina mwana wake atamwalira ku Khombedza, ine ndikanapita bwanji pa siwa chimanjamanja n'kunena kuti malamulo athu salola? Amene anamuona tcheyamani akutula envulopu pamaso pa anamfedwa tsiku limenelo anamvetsa yuniyoni kuposa momwe akanamvera pa semina ya masiku atatu. Pamapeto pake tinayambitsa kathumba kapadera ka K200 ka maliro ndi matenda, kotolera pamanja, ndipo chodabwitsa n'choti kameneka palibe amene anadandaulapo, anthu amachita kundisaka okha kuti apereke. Kusiyana kwake n'koti amaona komwe ikupita, bokosi amaliona, thumba la ufa amaliona.

Ndisabise, zonyansa ziliponso. Matenda a alawansi omwe agwira dziko lino sanalambalale mayuniyoni. Pali anthu omwe amamenyera udindo osati chifukwa cha anzawo koma chifukwa cha ma workshop a kunyanja, ndipo ine ndimawaona bwino chifukwa ma workshop amenewo amachitikira kuno kwathu konkuno, ndine ndimawapatsa makiyi a zipinda. Ambiri mwa maphunzirowa salipiridwa ndi chopereka cha mamembala, amalipira ndi mabungwe akunja othandiza, ndiye wina anganene kuti palibe chaonongeka. Koma ine ndimaona kuti chaonongeka chilipo, mtsogoleri amene ndalama zake zambiri zikuchokera kwa mabungwe akunjawa amayamba kulemba malipoti okomera iwowo, Che Saidi amasanduka nambala ya mu lipoti. Za ma T-shirt a pa 1 May ndisayambe n'komwe, chaka china anabwera 20 pa anthu 50 ndipo udani womwe unabadwa tsiku limenelo ena sanakhululukirane mpaka pano.

Ndiye mwina mukuti bwanji osangoisiya. Chifukwa cha 2020. Covid itabwera alendo anasiya kubwera ngati wina watseka mpopi, ndege zinaima, ma workshop anaima, gombe lonse kuyambira kwathu mpaka uko kunali zii, ankangomveka ndi asodzi okha. Abwana anaitana anthu 22 n'kuwapatsa makalata ndi malipiro a mwezi umodzi, akuti zikomo mwagwira ntchito, zinthu zikakhala bwino tikuitanani. Ena mwa anthuwa anali atagwira zaka 12, 15. Anthu analandira n'kumathokoza, poti sankadziwa. Tinaimba kulikulu, ndipo bambo wina wa ku ofesi anakwera minibasi kuchokera ku Lilongwe, atavala masiki ya chitenje, chikwama chong'ambika zipi, n'kudzakhala pansi pa mtengo wa mango uja ndi kalikuleta. Anatsegula Employment Act n'kutionetsa kuti munthu wochotsedwa ntchito chifukwa bizinesi yavuta ali ndi severance, malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse pa zaka zisanu zoyamba, masabata atatu pa chaka kuyambira chachisanu ndi chimodzi mpaka chakhumi, masabata anayi pa chaka kupitirira pamenepo, kuphatikiza notisi ndi masiku a holide omwe sanapite. Anawerengera munthu mmodzimmodzi. Mayi Nabanda a kochapira ataona nambala yawo anafunsa kawiri ngati bamboyo sanalakwitse ziro.

Sizinabwere mophweka. Tinapita ku ofesi ya leba maulendo osawerengeka, makalata kupita makalata kubwera, mpaka pomwe anawauza abwana kuti nkhaniyi ikathera ku Industrial Relations Court ku Lilongwe ndi pomwe anavomera kulipira pang'onopang'ono, magawo atatu. Sindikuti abwana anali satana, nawonso anali m'madzi, koma pakanapanda munthu wa kalikuleta uja anthu 22 akanapita kwawo ndi mwezi umodzi. Nditawerengera ndinapeza kuti zonse zomwe Mayi Nabanda anapereka ku yuniyoni chilowereni sizinafike ngakhale pa kagawo kakang'ono ka zomwe analandira. Panopa ali ndi kabenchi ka nsomba zouma ndipo akandiona amandiwonjezera pulaizi.

Koma pa anthu 22 aja, asanu sanali mamembala. Anakana kusaina kalekale, ena ankatinyoza kuti ndife a mabungwe odya ndalama za amphawi. Analandira severance yawo chimodzimodzi, chifukwa lamulo ndi la aliyense ndipo sitikanati abwana lipirani awa okha. Ngakhale malipiro akakwera titakambirana, amakwerera onse. Zimawawa, ndisaname, kuona munthu akukolola pomwe sanalime. Mayiko ena anapeza njira, ku South Africa kuli zomwe amati agency shop, pomwe yemwe si membala amadulidwabe kandalama poti akupindula ndi mgwirizano, ku Canada zotere zinayamba kalekale mu 1946, pomwe ku America khoti lalikulu mu 2018 pa mlandu wa Janus linagamula kuti ogwira ntchito m'boma asakakamizidwe kulipira ngati si mamembala. Anzanga ena mu komiti ankafuna titakakamira kuti aliyense azidulidwa, afune asafune. Ine poyamba ndinali mbali yawo. Koma mawu a Che Saidi a khadi ya chipani aja amandibwerera. Dziko lino tinachokera kutali, nthawi ya chipani chimodzi mayuniyoni analipo dzina lokha, ali m'khwapa mwa chipani, ndipo munthu amene anabwera poyera kudzatsutsa mu April 1992, Chakufwa Chihana, anali wa mayuniyoni, anamumanga atangotsika ndege. Mwezi wotsatira ogwira ntchito ku fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre ananyanyala ntchito ndipo moto unafalikira. Malamulo aakulu a dziko a 1994 anatipatsa ufulu woyambitsa ndi kulowa yuniyoni, koma omwewonso amati munthu asakakamizidwe kukhala m'bungwe. Ndiye ine ndinafika poti bola kumunyengerera munthu zaka ziwiri kusiyana n'kumudula mokakamiza, chifukwa wodulidwa mokakamiza sabwera ku miting'i, ndipo tsiku la sitalaka ndi amene amayamba kulowa pageti. Mwa asanu aja, awiri atabwerera ntchito mu 2022 anabwera okha kudzapempha fomu. Atatu enawo mpaka lero akudya zaulere, timapatsana moni bwinobwino.

Za sitalaka zandikumbutsa. Mu 2021 nyumba ya malamulo inasintha Labour Relations Act kuti bwana akhoza kudula malipiro a munthu yemwe wanyanyala ntchito kupitirira masiku atatu pa chaka. Chinali chaka chomwecho chomwe aphunzitsi, kudzera ku yuniyoni yawo ya TUM, ananyanyala pa nkhani ya alawansi ya Covid. Kusinthaku kumatanthauza kuti sitalaka yaitali tsopano imafuna thumba, ngati la mzungu wa IG Metall uja, apo ayi tsiku lachinayi anthu ayamba kubwerera okha chifukwa kunyumba mphika uli pamoto wopanda kanthu. Ndipo thumba lotere silingachoke pa chopereka chomwe chimathera lendi ndi thiransipoti mwezi usanathe. Ndinayankhulapo ku congress kuti pa ndalama iliyonse tizipatula kagawo kosakhudza, kokhala mu akaunti yakeyake, anawomba m'manja, analemba mu maminitsi, ndipo ndi pomwe zinathera.

Chinthu chimodzi chomwe ndinachita chomwe ndimanyadira ndi chaching'ono kwambiri. Mu 2021, nditatopa ndi mafunso, ndinayamba kumata pepala pa chitseko cha kantini mwezi uliwonse, lolembedwa pamanja m'Chichewa, zalowa zakuti, zatuluka zakuti, zatsala zakuti, ndi deti lomwe a akaunti atumiza ndalama kulikulu. Tcheyamani sanakondwe, akuti abwana aziona kuti tilibe kanthu. Ndinati abwana akudziwa kale, ndi iwo amadula. Chodabwitsa, a akaunti anasiya kuchedwetsa, poti mwezi womwe sanatumize ndimalemba ndi cholembera chofiira kuti sizinapite, ndipo alendo ena odutsa kuseri amawerenga. Ndinayambanso kuyenda ngati kale, buku m'khwapa, ngakhale panalibe choti nditolere kupatula ka K200 ka maliro. Kulikulu ndinalembera kalata katatu kupempha kuti lipoti la odita lizitumizidwa ku nthambi iliyonse chaka ndi chaka m'malo modikira kuti atiwerengere mothamanga ku congress anthu akuganiza za nkhomaliro. Anayankha kamodzi, kuti pempho lanu talilandira.

Tsiku lomwe ndimapereka buku kwa msungichuma watsopano, mtsikana wa ku bala wochangamuka kuposa ine, Che Saidi anapempha kuti ndiwerenge tsamba lomaliza mokweza anthu onse akumva. Ndinawerenga mzere ndi mzere. Nditafika pa Fanta ndi mabanzi a miting'i ya mu August anakweza dzanja, akuti tsiku limenelo tinalipo anthu 26, iwo anawerenga, nanga mabotolo 30 achokera kuti? Ndinawakumbutsa kuti anayi tinapatsa alonda omwe anali pa shifiti kugeti. Anaganiza kaye, n'kugwedeza mutu kuti eya, akukumbuka. Kenako anatembenukira kwa mtsikana uja, anatulutsa kapepala kawo kopinda kanayi m'thumba la ovolosi, n'kuika chala pa kamzere komaliza.